Chigubu cha Abiti Ajilu

Ndine womasulira. Ntchito yanga ndi kuima pakati,
kutola mawu pakamwa pa uyu, kukawatula m'khutu la uyo.
Zaka zisanu ndi chimodzi ndakwera mapiri a ku Namwera
m'galimoto za anthu ophunzira,
ndipo onsewo, mosapangana,
amakathera pa chigubu chachikasu cha Abiti Ajilu.

Woyamba anali wa zaumoyo, Dokotala Nyirongo,
manja ali m'magolovesi.
Anatapa madzi m'kabotolo, nalembapo nambala.
Ati m'chigubumo muli mzinda wa tizilombo,
tikubadwa, tikuswana, tikufa,
mwini chigubu osauzidwa ndi maliro omwe.

Wa zachuma sanachikhudze n'komwe.
Anangofunsa: zilipo zingati?
Anachilemba pansi pa njinga, pamwamba pa mphasa,
napeza kuti banjali ndi losauka, koma osati kwenikweni.
Ndinamasulira "osati kwenikweni."
Abiti Ajilu anaseka mpaka kutsamwa.

Kenako mtsikana wa zaumisiri, sikelo kukhwapa,
anayeza khosi, anayeza nkhata,
anawerenga mapazi kuchoka pa mjigo kufika pakhomo:
chikwi chimodzi ndi mazana anayi.
Makilogalamu makumi awiri pa timafupa ta m'khosi!
Anati ayese kusenza yekha.
Anatula pa mtengo wachiwiri wa mango,
bulauzi ili chonyowa, ana ali m'mbuyo kuwomba m'manja.

Wa mbiri yakale anachiimika chadodolido
nawerenga Chipwitikizi chofufutika kunsi kwake.
Ati chinachokera kunyanja yamchere ndi mafuta ophikira,
chinadutsa pa Chiponde chopanda chiphaso,
njira yomwe kale munkayenda minyanga, nsalu
ndi anthu a magoli m'khosi.
Atatero anakhala duu.
Sindinamasulire kanthu, munalibe mawu oti nditole.

Wa ziyankhulo ankangofuna dzina.
Pa Chiyao mumati chiyani?
Nanga mtsuko utachoka pamutu,
miyambi yake inatsala ndi yani?

Wa zachilengedwe anachigogoda ndi cholembera,
ati ichi sichiwola,
tonse tili pano tidzapita, icho chidzatsala.
"Ndiye chidzandilirira," anatero mayiyo,
"poti chili ndi pakamwa."

Koma pambali pa chogwirira pali chipsera chakuda,
pulasitiki yosungunula, yopakidwa ndi mpeni wamoto,
ndipo pakamwa pake, m'malo mwa chitsekerero,
pali chisononkho chokulunga m'jumbo.
Mapepala onse aja analibe kabokosi ka chipsera.
Tsiku lina, injini italira kale, ndinafunsa ndekha,
popanda wondituma.

Anati anamata ndi Imedi,
usiku woti mawa lake akwera basi ya ku Joni.
Anasungunula lamba wa patapata yake,
napita ndi nsapato zobwereka.
Chaka chilichonse mwezi wa Ramadhani amatumiza ndalama,
amati amayi, gulani chatsopano.
"Ndigule bwanji? Sichinadonthepo."

Izi sindinazipereke kwa aliyense.
Ndinazipinda, n'kuziika m'thumba la malaya
limodzi ndi alawansi ya tsikulo.

Ndamva kuti kumizinda chigubuchi chili m'mabuku asanu ndi limodzi,
m'zipinda zisanu ndi chimodzi zosapatsana moni.
M'buku lina ndi chiopsezo, m'lina ndi chuma,
m'lina ndi katundu wolemera, m'lina ndi mboni.
Sindikutsutsa. Aliyense anaona zoona,
monga woyang'ana m'nyumba pa kabowo kake ka khoma.

Koma dzulo ndinadutsa pa mjigo tambala asanalire kachiwiri,
ndikuthamangira matola.
Panalibe munthu.
Zigubu zokha zili pamzere, kusungira eni ake malo,
ndipo chachitatu kuchokera kutsogolo,
chisononkho chili pakamwa, chipsera chaloza kum'mawa,
chinali kugwira ntchito ina
imene palibe anabwera kudzaifufuza:
kuimirira m'malo mwa munthu
kuti agoneko pang'ono.